Zitunda za ku Yorkshire ndi Mkangano wa Moto

Msewu wochokera ku Pickering kupita ku Whitby, doko la asodzi kumpoto chakum'mawa kwa England, umakwera pa zitunda zopanda mitengo zotchedwa North York Moors. Tikadutsapo mu Ogasiti timapeza dziko lonse lavala maluwa onga a jakaranda. Mwini maluwawo ndi heather, kachitsamba kolekeza m'mawondo.

Mlendo angayese kuti ndi tchire wamba, koma ayi ndithu. Kalekale padali nkhalango, anthu adaidula, ndipo nkhosa ndi moto ndizo zimaletsa mitengo kubwerera. Pakati pa Okutobala ndi Epulo eni malo amatentha timagawo ting'onoting'ono, mwakuti phiri limaoneka ngati nsalu ya zigamba. Cholinga n'chakuti mphukira zanthete zidyetse grouse, mbalame yonga nkhwali, imene anthu achuma amayamba kuiwombera pa 12 Ogasiti atalipira ndalama zankhaninkhani.

Komatu heather wachepa m'zitunda zambiri za Britain. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma linkalipira alimi potengera kuchuluka kwa nkhosa zawo. Nkhosa zidachulukadi n'kumudya mpaka pansi, udzu n'kulowa m'malo. Kwina adadzalako mitengo ya matabwa, kwina adakumba ngalande.

Mkangano weniweni, awerengi athu, uli pansi pa nthaka. Kumeneko kuli peat, dothi lakuda lonyowa la zomera zakale, limene limakula pafupifupi milimita 1 pachaka. Limasunga madzi ngati siponji. Otsutsa moto akuti kutentha kumaliumitsa, mvula n'kumathamangira kumidzi ya m'zigwa, mpweya wotenthetsa dziko n'kumatuluka. Eni malo akuti heather akakalamba amasanduka nkhuni, ndipo amakumbutsa za moto wolusa umene udayaka masabata angapo pa Saddleworth Moor, pafupi ndi Manchester, mu 2018.

Mfundo yawoyo si yachilendo kwa ife odziwa lupsa. Koma masentimita 40 a dothi limeneli ndi ntchito ya zaka pafupifupi 400, ndiye ife tikuona kuti kuliika pachiswe chifukwa cha mbalame yoombera pamasewera n'kulakwa. Mu 2021 boma lidaletsa kutentha popanda chilolezo pa peat wozama kuposa masentimita 40 m'malo otetezedwa a ku England, ndipo mu 2025 lidatsitsa muyezowo kufika pa 30. Eni malo ena ayamba kumweta heather ndi mathirakitala, pamene m'zitunda zina anthu akutseka ngalande zija kuti madzi akhalenso pomwepo.