Bedi Lolowa Cham'mbali

Khomo lolowera kuchipinda kwa agogo n'lotambalala masentimita 80. Ndinadziwa zimenezi usiku wina mu June 2024, nditagwada pakhomopo ndi tepi ya azakhali, ija amayezera makasitomala awo a madiresi. Bedi la kuchipatala lomwe ndinaliona m'tauni masana ake linali loposa masentimita 90 m'lifupi, ndi mamita awiri m'litali. Agogo amatuluka m'chipatala Lachisanu, ndipo limeneli linali Lachiwiri.

Agogo anachoka ku Ntcheu mu 1959, nthawi ya chitaganya, akuti akagwire ntchito zaka ziwiri ku Salisbury, agule njinga, abwerere. Anatchona. Anagwira ntchito m'fakitale ku Southerton mpaka kupuma, ndipo nyumba ya zipinda zinayi ya ku Glen Norah anaipeza m'zaka za m'ma 1970, komboniyo ikadali yatsopano. Amene anajambula nyumbazo ankaganiza za munthu wodzuka mbandakucha kukakwera basi. Za munthu woti agone miyezi osadzuka, sizinali m'mutu mwawo.

Sitiroko inawapha mbali ya kumanja, n'kutenganso Chishona ndi Chingerezi chomwe analankhula zaka zoposa 60. Chinatsala ndi Chichewa cha ku Ntcheu, chotuluka pang'onopang'ono ngati madzi a pampopi wa kwathu. Zidzukulu zambiri pakhomopo zimangodziwa Chishona. Choncho ine, amene ndimadyera kumasulira mabuku ndi timapepala ta zaumoyo, ndinasanduka womasulira wa agogo anga. Nkhani ya bedi inagweranso ine, chifukwa pabanja pathu munthu wa digiri ziwiri amayenera kudziwa chilichonse, ngakhale za zitsulo.

Sindinkadziwa kanthu. Maso anga anakopeka ndi bedi lamagetsi, lija umangodina batani mutu n'kudzuka wokha. Wogulitsa anandigoneka pomwepo kuti ndilawe, ndipo kunena zoona linali lokoma. Ndili m'kombi pobwerera ndinakumbukira kuti chaka chimenecho mvula inakana, madzi ku Kariba anachepa, ndipo magetsi kwathu ankabwera anthu atagona n'kuchoka asanadzuke. Bedi lotero likazimiridwa magetsi mutu uli m'mwamba, ngati lilibe batire kapena chotsitsira pamanja, wodwala amakhala choncho mpaka abwerenso.

Anatiwongola maganizo ndi mayi wina wa kutchalitchi kwa azakhali, namwino wopuma ntchito amene anasamalapo odwala ambiri m'makomo. Atalowa m'chipindamo sanafunse za agogo. Anayang'ana azakhali n'kufunsa kuti msana wawo uli bwanji. Bedi, iwo anati, mumagulira anthu awiri, wogonapo ndi womutembenuza. Kama wakale wa agogo anali wamfupi, wofika m'mawondo, wa masipuling'i olowa pakati ngati mtondo. Kusambitsa munthu wamkulu pamenepo ndi kuwerama tsiku lonse, ndipo pakatha mwezi odwala amakhala awiri.

Anatiuza kuti tifune bedi la zopukusira pamanja. La zopukusira ziwiri limadzutsa mutu ndi mawondo. La zitatu limakwezanso bedi lonse. Kudzutsa mutu si nkhani ya ulemu chabe ayi. Munthu wa sitiroko amavutika kumeza, ndipo phala likalowera kumapapo limabweretsa chibayo, choncho pakudya ayenera kukhala tsonga. Koma akatha kudya n'kupuma pang'ono, mutuwo utsitsidwe usapitirire madigiri 30, apo ayi thupi limatsetserekera kumiyendo, khungu la kumunsi kwa msana n'kumakokeka. Kudzutsa mawondo pang'ono kumachepetsa kutsetsereka kumeneko.

Tinapeza la zopukusira ziwiri, logwirapo kale ntchito, kwa banja lina la ku Highfield lomwe mayi awo anali atamwalira. Chopukusira chimodzi chinali chothyoka, ndipo mnyamata wina wowotcherera zitsulo ku Gazaland anachikonza ife titaima pomwepo. Sitinawauze agogo kumene linachokera. Mpaka lero sindidziwa ngati tinachita bwino.

Nkhani yaikulu inali matiresi. Apa ndiyenera kuulula kanthu. Zaka zapitazo ndinamasulirapo kapepala konena za zilonda zobwera chifukwa chogonera malo amodzi, ndipo ndinalemba mokhulupirika kuti muziyang'ana ngati khungu lafiira. Chiganizocho chinali cholondola, galamala yake yosalakwika. Namwino uja anandionetsa chidendene cha agogo n'kundifunsa kuti kufiirako ndikuona pati. Pakhungu lathu malowo safiira. Amada kuposa pozungulira, nthawi zina amaoneka ngati achita buluu, amatentha kapena kuuma ukawakhudza. Kapepala kaja kanalembedwa ndi munthu woganiza za khungu loyera, ine n'kukasamutsira m'Chichewa osafunsa. Sindidziwa kuti anawerenga ndi anthu angati, n'kumadikira kufiira komwe sikunabwere.

Zilondazi zimayamba pamene fupa lili pafupi ndi khungu: m'zidendene, m'chiuno, kumunsi kwa msana, m'mapewa. Thupi likapsinja malowo, magazi safika, mnofu n'kuyamba kufa mkati kunja kukuoneka bwinobwino. Matiresi a siponji wamba, aja otchipa ogulitsidwa m'mbali mwa msewu, amaphwa msanga, fupa n'kumagunda chitsulo. Namwinoyo anatiphunzitsa kuyesa: ukanikize ndi chibakera mwamphamvu, ukamva pansi, asiye. Tinagula a siponji yolimba, okutidwa ndi nsalu yosalowa madzi yotheka kupukuta. Azakhali ankafuna kungoyala pulasitiki pamwamba pa matiresi akale, koma pulasitiki imasunga thukuta ndi kupanga makwinya, ndipo khungu lonyowa limang'ambika msanga.

Msuweni wathu wa ku Johannesburg anatumiza pabasi matiresi ena opyapyala a mpweya, okhala ndi timatumba tomwe kapampu kamagetsi kamafufumitsa mosinthanasinthana, kuti malo amodzi asapsinjike nthawi yaitali. Ndi chinthu chanzeru ndithu. Koma magetsi akazima timatumbato timaphwa, ndiye chofunika ndi chomwe chili pansi pake. Tinawayala pamwamba pa siponji ija. Ndipo palibe matiresi otembenuza munthu. Ndinamata pepala pakhoma, la maola awiriawiri: kumanzere, chagada, kumanja. Ana anaphunzira mawu atatu a Chichewa amenewa asanaphunzire ena onse.

Lachinayi bedi linabwera pa kalole. Tinachotsa matabwa a kumutu ndi kumiyendo, n'kulipendeketsa, amuna anayi n'kulilowetsa cham'mbali, likukanda penti ya pafelemu. Kama wakale anatuluka.

Agogo atafika anayang'ana zitsulo zotchinga m'mbali nthawi yaitali. Kenako anandikodola ndi dzanja lamoyo lija.

"Iwe, kama wanga ali kuti?"

"Ali pabalaza, agogo. Uyu ndi wokuthandizani kuti muchire."

"Uyu si kama. Ndi bedi."

Ndinafuna kuseka, koma sindinathe. M'mabuku otanthauzira mawu omwe ndimagwiritsa ntchito, kama ndi bedi ndi chinthu chimodzi. Kwa agogo, kama ndi amene anagula ndi malipiro awo atakwatira agogo aakazi, amene ana awo asanu anagonapo ali makanda, amene agogo aakaziwo anatsirizikirapo. Bedi ndi la kuchipatala, kumene munthu amakhala nambala. Azakhali anandifunsa m'Chishona kuti akuti chiyani, poti mawuwo anatuluka olumikizana. Ndinangoti akufunsa za kama wawo. Mbali yachiwiriyo sindinaimasulire.

Masiku awiri anakana kudya. Zitsulo za m'mbalizo ankazitcha khola. Namwino uja atabweranso anati sizofunika kuzikweza zonse nthawi zonse, ndipo zili ndi ngozi yakeyake, poti mkono wakufa ungathe kukodwa pampata wa pakati pa chitsulo ndi matiresi. Tinagwirizana kuti masana chitsulo cha mbali ya kukhomo chizikhala chotsitsa, china chija azigwirira ndi dzanja lamanzere potembenuka. Tinasunthanso bedilo kuti mutu ukadzutsidwa aziona pawindo, kumsewu komwe amayi ogulitsa tomato amakhala. Bulangete lawo lakale la mizeremizere linabwerera pamiyendo pawo.

Kama uja munthu wina anafuna kumugula, agogo anakana. Waimikidwa chopendekera kukhoma la pabalaza, kuseri kwa sofa, ndipo alendo amakhala mopanikizana.

Ndimagona ku Glen Norah Lachisanu ndi Loweruka kuti azakhali apumeko. Kapampu kaja kamalira mopanda phokoso kwenikweni, koma kakangosiya ndimadzidzimuka. Loweruka lapitali kanasiya cha m'ma 4 koloko m'mawa. Ndinayatsa tochi ya pafoni, kutsitsa mutu, kuwapinda bondo, kuwakokera kwa ine ndi nsalu yoyala pansi pawo, n'kuika pilo pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere. Ndinakhudza kumunsi kwa msana. Panali pozizira bwino.

"Wapukusa kangati?" anafunsa.

"Sindinawerenge, agogo."

"Azakhali ako amapukusa kasanu ndi kawiri. Iwe wanditsitsa kwambiri. Bweza."

Ndinapita kumiyendo n'kubweza kawiri.