Masiku anayi ku Quelimane

Kuchokera ku Blantyre, nyanja yamchere ili pafupi kuposa Mzuzu. Anthu ambiri tikawauza zimenezi amayamba atsutsa kaye, koma mtunda wake ndi wowerengeka: makilomita pafupifupi 100 kukafika pachipata cha Muloza ku Mulanje, ena pafupifupi 190 kuchoka pa Milange kukafika ku Mocuba, ndiye ena 150 kutsetserekera ku Quelimane, likulu la chigawo cha Zambezia m'dziko la Mozambique. Onse pamodzi sakwana 500. Komabe tikamakambirana zokapuma m'mabanja mwathu, mayina amene amatuluka ndi Mangochi, Salima ndi Cape Maclear, ndipo amene matumba awo ndi olemererapo amatchula Zanzibar kapena Durban. Quelimane timangoimva pa wailesi kukakhala namondwe.

Ife tinapitako m'mwezi wa Julaye, banja la anthu anayi, pogwiritsa ntchito ndalama zimene tinakhala tikusunga kwa miyezi yambiri. Chibwerereni, abale ndi alongo akhala akutifunsa ngati n'koyenera kupitako. Funsoli si lachibwana. Banja lodalira malipiro apamwezi limapeza mpata wotere mwina kamodzi pa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ndalama imene yapita ku ulendo ndi yomweyo imene ikanagula malata kapena kulipira fizi ya teremu yamawa. Yankho lathu ndi lakuti inde, koma osati kwa aliyense, ndiponso osati ulendo wonyamuka Lachisanu n'kubwerako la Sande.

Choyamba choti mudziwe n'chakuti mzindawu suli pagombe penipeni. Uli m'mbali mwa mtsinje waukulu, makilomita oposa 20 kuchokera pamene mtsinjewo umathira m'nyanja. Madzi ake ndi amatope, ndipo tsidya lina kuli nkhalango ya mitengo yomera m'matope a madzi amchere, imene kumeneko amati mangal. Amene akuyembekezera kutsegula zenera n'kuona mafunde adzakhumudwa. Dzina la mtsinjewu, Bons Sinais, kutanthauza zizindikiro zabwino, linaperekedwa ndi Vasco da Gama m'chaka cha 1498, chifukwa pamenepa m'pamene anaona zomulimbitsa mtima kuti njira ya ku India aipeza. Zizindikirozo sizinali zabwino kwa amalinyero ake. Pa mwezi umene anakhala pamtsinjewu ambiri anatupa nkhama ndi miyendo, ena n'kumwalira, matenda amene lero tikudziwa kuti amabwera thupi likakhala nthawi yaitali osalandira vitamini C wa m'zipatso ndi masamba. Ana athu nkhaniyi inawagwira mtima kuposa tsiku lililonse limene tinawakakamizapo kudya malalanje.

Nyanja yeniyeni ili ku Zalala, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda. Pamseu wopita kumeneko mumadutsa minda ya mpunga ndi mitengo ya kokonati. Zambezia inatchuka kalekale ndi minda ikuluikulu ya mitengo imeneyi, koma matenda ochititsa masamba chikasu anapha yambiri, moti malo ena mumangoona mizati yaitali yopanda mitu itaima m'munda. Gombe lake ndi lalikulu, lafulati, la mchenga wolimba woderako, ndipo kumtunda kwake kuli mzere wa mitengo ya casuarina yopereka mthunzi. Madzi si obiriwira ngati a pa zithunzi za pa kalendala, chifukwa mitsinje ya m'chigawochi imathiramo dothi lambiri. Tinene mosabisa: ngati cholinga chanu ndi kusambira m'madzi oyera n'kumaona tinsomba tamawangamawanga kumapazi, nyanja yathu ya Malawi ndi yosayerekezeka, ndipo sifuna pasipoti.

Koma nyanja yathu siphwa kawiri pa tsiku. Ichi n'chimene ife tinapitira, ngakhale tinachimvetsa bwino titaima pamchengapo. Tinafika m'mawa madzi atabwerera kutali, mwakuti munthu umayenda mphindi zingapo pamchenga wonyowa usanawapeze. Tinayala chitenje chapatali ndithu, koma pofika masana mafunde anali atayandikira malo omwewo, ndipo tinasamukira pansi pa mitengo. Madziwo amadzadza kwa maola pafupifupi 6, n'kuphwanso kwa maola ena 6, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50, chifukwa amatsatira mwezi wakumwamba. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene, kudzadza ndi kuphwako kumakula kwambiri. Zonsezi ana anaziphunzira m'kalasi, koma wamng'ono anazika kamtengo pamene madzi analekezera, n'kumakayang'ana kwa ola lathunthu mpaka kanamizidwa. Wamkulu analawa madziwo, n'kulavula, n'kulawanso. Kenako anafunsa kuti tsidya lake kuli dziko lanji, ndipo titamuuza kuti Madagascar, anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana kumene thambo limakumana ndi madzi. Ku Salima kukacha bwino umaona mapiri tsidya lina. Kuno kulibe chilichonse choti diso ligwire.

Asodzi ndi amene amalipatsa moyo gombeli. Amakoka khoka amuna ambirimbiri mbali ziwiri, akubwerera chammbuyo pang'onopang'ono, amayi akudikira ndi mabeseni. Tinayenda wapansi mtunda wautali opanda nsapato, mphepo ikuwomba, popanda wina wotitsatira ndi malonda. Ife akuluakulu, amene tsiku lathu limathera pampando ndi pa foni, usiku umenewo tinagona tulo timene tinali titaiwala. Koma nyanja yamchere si Mangochi. Mafunde amakoka munthu pobwerera, ndipo madzi akamadzadza amathamanga pamchenga wafulati kuposa mmene mukuganizira. Ana tinawalola kulowa mpaka m'mawondo basi, wamkulu mmodzi ali pambali pawo, ndipo tinayamba tafunsa asodzi malo oyenera. Kumapeto kwa mlungu akuti kumadzadza anthu a mumzinda ndi zoimbira zawo ndi mowa wawo. Ife tinapitako Lachisanu m'mawa ndi Lolemba, ndipo kunali zii.

Mzinda weniweniwo ndi wafulati ngati thebulo, ndipo mfumu ya pamseu ndi njinga. Akabaza alipo ambiri zedi, onyamula ana asukulu, amayi ochokera kumsika, ngakhale abambo ovala mataye. Kwa ife ozolowera zitunda za Ndirande ndi Bangwe, kuyenda ola lathunthu osakwera phiri chinali chachilendo. Nyumba zambiri za m'nthawi ya Apwitikizi utoto wake unasuwa ndipo zina zikugumuka, misewu ina ili ndi maenje, koma madzulo m'mbali mwa mtsinje mumakhala mabanja akuyenda pang'onopang'ono, akupitidwa mphepo. Zoti muone n'zochepa, tsiku limodzi mumaliza. Chotsalacho ndi kukhala pansi.

M'mbali mwa mtsinje momwemo muli tchalitchi chakale cha Akatolika chomangidwa m'zaka za m'ma 1700. Tinaima pamenepo kwa kanthawi chifukwa doko limeneli silachilendo ku mbiri yathu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 Quelimane linali limodzi la madoko akuluakulu a malonda a akapolo kugombe lino, ndipo anthu ogwidwa m'zigwa za Zambezi ndi Shire ankakwezedwa zombo pano kupita ku Brazil ndi kwina. David Livingstone anafika pano mu Meyi 1856 pomaliza ulendo wake wodutsa Africa kuchokera ku Luanda. Pambuyo pake amishonale ndi amalonda opita kumapiri a Shire ankaloweranso pano, n'kukwera ndi mtsinje wa Kwakwa mpaka kufupi ndi Zambezi, kufikira pamene njira ya Chinde inapezeka mu 1889. Ndiye khomo lakale la dziko lathu linali lomweli. Ndipo ambiri a ife a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, makolo athu Achilomwe anachokera m'chigawo chomwechi cha Zambezia.

Chinanso chimene timagawana ndi mphepo. Namondwe wa Freddy anatulukira pamtunda kufupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023, asanafike kwathu kudzagumula mapiri ku Chilobwe ndi ku Mulanje. Mzindawu unasasuka madenga, kenako kunabuka kolera. Mayi wina wogulitsa masamba atamva kuti ndife a ku Blantyre, anasiya kuwerenga chenji n'kutifunsa, m'Chinyanja chosakaniza ndi manja, ngati abale athu anapulumuka. Ife masiku amenewo tinkalira maliro athu, osaganizako kuti kumene namondweyo anayambira kugwetsa nyumba kulinso anthu.

Tsopano za m'mbale, chifukwa apa m'pamene banja ngati lathu liyenera kutsegula maso. Gombe la Mozambique limanyadira nkhanu ndi tinyama tina ta m'nyanja ta zigoba timene amati camarão, zimene ife sitidya. Vuto si zimene zikuoneka pambale, koma zimene zasinjidwira mu ndiwo. Matapa, chigwada chophikidwa ndi nsinjiro ndi mkaka wa kokonati, ukachiona umati ndiwo zamasamba zenizeni, koma kawirikawiri amathiramo nkhanu kapena camarão wouma. Mawu amene anatithandiza ndi awa: sem camarão, sem caranguejo. Sem ndiye kuti popanda. Tinkafunsa tisanaitanitse, ndipo pena ankatiuza moona kuti mphika wa tsikulo wathiridwa kale. Samalaninso ndi sura, madzi ogomedwa ku mtengo wa kokonati. M'mawa amatsekemera koma sachedwa kusasa n'kukhala mowa. Chakumwa chabwino ndi lanho, kokonati wanthete amene amakudulirani pomwepo, madzi ake ali otsekeredwa m'chigoba chake, osakhudzidwa ndi dzanja la munthu.

Chimene chinatikondweretsa kwambiri ndi mucapata, chakudya cha eni dera: mpunga ndi mphodza zochotsa makoko, zophikidwa pamodzi ndi mkaka wa kokonati mpaka zitaphwanyika n'kulimba. Mulibe nyama, chimakhutitsa, ndipo mpunga ndi mphodza zikaphatikizana zimapatsa thupi zomanga zokwanira bwino. Ambiri amadyera nkhuku yootcha yonyikidwa mu mkaka wa kokonati, imene imadziwika dziko lonselo kuti frango à zambeziana. Amene amadya nsomba adzapeza za mamba ndi zipsepse zongovuulidwa kumene. Mkaka wa kokonati uli ndi mafuta ambiri, ndiye amene adokotala anawachenjeza za mtima asachite nawo chibwana, koma masiku anayi sangagwetse munthu. Tinapeza malo ogona okhala ndi pophikira, ndipo izi zinapulumutsa ndalama komanso mimba: buledi wa pão m'mawa, nthochi, mapapaya, tomato ndi masamba a kumsika.

Chifukwa chimene tikukanira ulendo wa kumapeto kwa mlungu ndi mseu. Kupita kumadya tsiku lathunthu mukawerengera za pachipata ndi malo oimitsidwa ndi apolisi, kubwera chimodzimodzi. Mukanyamuka Lachisanu mudzafika dzuwa likulowa kapena litalowa kale, muli otopa, musanagule kanthu. Ife tinanyamuka Lachinayi m'bandakucha n'kubwerako Lachiwiri, ndiye masiku athunthu okhala kumeneko anali anayi. Kumbukiraninso kuti wotchi ndi imodzi ndi ya kwathu koma mzindawu uli chakum'mawa, choncho dzuwa limalowa msangako ndi mphindi zingapo kuyerekeza ndi ku Blantyre, ndipo mu Julaye limalowa isanakwane hafu pasiti 5. Pa Sabata tinafunsa njira ya ku Igreja Adventista ndipo wakabaza anatifikitsa. Ulaliki wa m'Chipwitikizi tinangotolapo mayina a mabuku ndi manambala a mavesi, koma nyimbo zambiri maimbidwe ake ndi omwewo, ndiye ife tinkaimba m'Chichewa iwo m'chinenero chawo.

Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Miyezi ya mvula kumatentha mothetsa mphamvu, ndiyonso nyengo ya anamondwe ndi madzi osefukira; mu Januwale 2015 mtsinje wa Licungo unadula mlatho wa pa Mocuba. Udzudzu ulipo chaka chonse chifukwa dera lonselo ndi lamadambo. Tinanyamula maneti athu ndi mafuta othamangitsa udzudzu, ndipo aliyense amene angatenthe thupi pobwerako akayezetse malungo tsiku lomwelo. Madzi akumwa tinkawiritsa kapena kugula a m'mabotolo. Mayi woyembekezera, khanda, kapena wodwala amene amafuna chipatala pafupipafupi, ife tingati adikire kaye, makamaka chifukwa kufotokoza matenda m'chinenero chimene suchidziwa ndi chinthu chovuta.

Chinenerocho ndiye mtolo wina. Pa Milange Chichewa chimayenda bwinobwino, koma mukamatsika chimanka chichepa, ndipo ku Quelimane anthu amalankhula Chichuwabo ndi Chipwitikizi. Chingerezi sichikufikitsani patali. Wodziwa Chilomwe kapena Chisena amatolako mawu apa ndi apo. Mmalawi safunika viza pa ulendo waufupi, koma pasipoti ya aliyense, ndi ya ana yomwe, ikhale yosatha ntchito. Opita pa galimoto yawo akonzekere inshuwalansi ya ku Mozambique ndi chikalata cholowetsera galimoto, ndipo asapitirire liwiro lolembedwa pa zikwangwani polowa m'matauni. Opanda galimoto akwera ma chapa, maminibasi a kumeneko, n'kusintha pa Mocuba. Ndalama yawo ndi metical. Musananyamuke mvetserani nkhani za m'dzikolo kwa mlungu umodzi kapena iwiri, ndipo pobwerera nyamukani m'mamawa, chifukwa chipata cha Muloza chimatsekedwa madzulo ndipo kugona pa Milange ndi ana kudzadya ndalama imene simunaiwerengere.