Nsapato pa njanji

Kale ndinali mphunzitsi ku Kabwe. Njanji ya sitima imapita pakati pa tauni imeneyi, ndipo anthu ambiri amaiwoloka tsiku ndi tsiku.

Tsiku lina m'mawa ndinacedwa. Ndinathamanga kudzera njira yacidule, osayang'ana uku ndi uku. Mwadzidzidzi nsapato yanga inakodwa pa njanji. Sitima inalira, "Puuu!"

Ine ndinayamba kukoka nsapato ija. Paja inali yatsopano!

"Aphunzitsi, isiyeni! Sitima siima msanga!" anakuwa amai ena ogulitsa matimati.

Ndinaivula n'kulumphira kumbali. Mtima unali gu! gu! gu!

Ndinalowa m'kalasi ndi nsapato imodzi. Ana anaseka, inenso ndinaseka pang'ono. Tsiku limenelo tinaphunzira kuima, kuyang'ana ndi kumvetsera tisanawoloke njanji. Masamu tinacita m'mawa mwace.