Ku Wimbe chifukwa cha njinga ndi galu

Ndinanyamuka m'depoti ku Lilongwe Loweruka m'mamawa, minibasi itadzaza mpaka kondakitala kuima chowerama pakhomo. Ulendo unali wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, kwawo kwa William Kamkwamba. Kumeneko n'kumene anajambulira filimu yonena za moyo wake ya The Boy Who Harnessed the Wind, imene inatuluka pa Netflix mu 2019.

Tisanafike pa Mponela nkhani inali itagwira kale moto. Nditangotchula kumene ndikupita, bambo wina amene anapanira thumba la feteleza m'miyendo anaseka chikhakhali. "Chichewa cha mkulu uja! Amalankhula ngati wavwira phala lamoto." Ankanena Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, amene anatsogolera ntchito yojambula filimuyi n'kuseweranso ngati Trywell, bambo ake a William. Tonse tinafa nazo, ine ndemwe. Kunena zoona, malilime a ambiri mufilimumu ndi olemera. Maxwell Simba, amene ali William, ndi wa ku Kenya, ndipo Aïssa Maïga, amene ali mayi ake, anakulira ku France. Khutu limapuma pokhapokha akayamba kulankhula Lily Banda wathu uja, amene ali Annie, mlongo wake wa William.

Mayi wina wa pampando wakumbuyo ndiye anatidula pakamwa. "Inu bambo mukuseka lilime. Ine pamene munthu wanjala analowa m'nyumba n'kulanda chakudya mayi uja akuona, ndinadzuka n'kutuluka panja. Mu 2002 ife tinadya gaga." Phokoso linazilala. Mpaka kuwoloka Bua palibe anatchulanso za Chichewa.

Pa Kasungu ndinakwera kabaza wa njinga yamoto. Fumbi lake losasimbika. Mnyamata wondiyendetsayo njala ija sanaione, anali asanabadwe, koma filimuyi anaionera kangapo pafoni ya mnzake. "Madala, ine chimene chimandipweteka ndi galu," anatero akuzemba dzenje. Galuyo ndi Khamba, amene amatsatira William kulikonse mpaka njala inamupha. Mnyamatayo anati akafika pamenepo amathamangitsa filimuyo kuti asaone.

Ine changa ndi njinga. Nditatsika pa Wimbe ndinakhala pakhonde la sitolo ina n'kumayang'ana njinga zakapalasa zikudutsa, ina yanyamula nkhuni, ina mayi wobereka mwana. Apa m'pamene ndinamvetsa chimene William ankapempha bambo ake mufilimu muja. Njinga pakhomo ndiyo galimoto, ndiyo ambulansi, ndiyo yopitira kuchigayo. Ndiye mwana woti anamuthamangitsa kusukulu chifukwa cha fizi akuti muidule apangire makina amphepo, poti anaona chithunzi m'buku la mulaibulale! Trywell akana mwaukali, pambuyo pake n'kuipereka, ndipo Ejiofor pamenepo salankhula zambiri. Nkhope yokha ndiyo imakuuza kuti bamboyu wataya chomaliza chimene anali nacho. Ojambula anakometsako nkhani, poti makina oyamba a William, ali ndi zaka 14, anali oyatsira mababu ndi wailesi pakhomo, za kupopa madzi zimene zili mufilimumu zinabwera pambuyo. Ine sindiwaimba mlandu.

Ndinabwerera dzuwa litapendeka, malaya ali psuu ndi fumbi. Mukadzaioneranso, sekani Chichewacho mmene mungafunire, koma pofika pa njinga paja muyang'anitsitse nkhope ya Trywell.