Mwana wosamvera mu pulogalamu yanga

Patchuthi chathachi ndinatsala pang'ono kuwaipitsira mbiri amayi anga, chifukwa cha timizere titatu ta Java.

Amayi ndi msungichuma wa banki mkhonde ya kwathu. Nditaona mmene amavutikira ndi kope lawo, ndinawalembera kapulogalamu pa laputopu. Ndinapanga class yotchedwa Membala, yokhala ndi method yotapira ndalama: munthu akatapa, masheya ake amatsika ndi ndalama yomweyo.

Kenako amayi anandiuza lamulo la gulu, loti wangongole asatape pa masheya ake. Ndinapanga subclass, MembalaWangongole, mwana wa Membala uja, n'kusintha method ija kuti isamachite kanthu. Osatapa, osakana, kungobwerera phee. Ndinkadziona ngati katswiri.

Koma mbali yolemba uthenga pa sikirini sinkamudziwa mwanayu. Inkangoona Membala, n'kulemba kuti "Zatheka". Amayi, pokhulupirira makina a mwana wawo wa ku koleji, ankapereka ndalama m'manja, chikhalirecho mu kompyuta masheya sanatsike. Tsiku lowerengetsa, za m'bokosi zinapezeka zoperewera. Azimayi sanachuluke mawu. Mmodzi anangoti, "Mayi, tawerenganinso bwino." Usiku umenewo amayi sanakhudze nsima.

Ndinafufuza mpaka tambala woyamba. Compiler sinaone cholakwika, poti iyo imangoyang'ana ngati maina ndi mitundu ya zinthu zikugwirizana; za khalidwe ilibe nazo ntchito. Chondipweteka n'chakuti zimenezi tinaphunzira, mayeso ake ndinakhoza. Mu 1987 Barbara Liskov wa ku MIT ananena mfundo yakuti subclass iyenera kutha kuima pamalo pa kholo lake, pulogalamu n'kumayendabe monga kale. Make mbuu, mwana mbuu. Ine ndinkayesa kuti ndi nkhani ya square ndi rectangle basi, yongolowezera mayeso.

Ngakhale Java yeniyeniyo ili ndi ana otere. List yochokera ku Arrays.asList imakana ukafuna kuwonjezeramo chinthu, komatu imakuwa ndi UnsupportedOperationException, aliyense n'kumva. Wangayu ankakana chamumtima.

Subclass ija ndinaichotsa. Tsopano method yotapira imayamba yaona ngongole, n'kubweza yankho loti yavomera kapena yakana. Sabata yotsatira ndinakaima pamaso pa gulu, kope la amayi lili m'manja, n'kuwerenga dzina ndi dzina mpaka ndalama zonse zinapezeka. Amayi anabwerera ku kope lawo. Laputopu amailola, koma izilemba pambuyo pa bolopeni.