Kuchokera ku Nsanje kukafika ku Thyolo: njere zoyeretsa madzi

Msewu wochokera pa boma la Thyolo umadutsa m'minda ya tiyi, kupyola pa Makwasa ndi Thekerani, kenaka nkutsetserekera kuchigwa cha Shire kumene dzuwa limaswa mtengo. Kumeneko, m'midzi ya ku Nsanje, mtengo wa chammwamba uli paliponse: m'mipanda, kuseri kwa nkhokwe, m'mbali mwa makola. Eni dera amautcha sangowa ndipo masamba ake ndi ndiwo. Njere zake ambiri sazilabadira.

Komatu njere zomwezi zidakwerapo phiri ulendo wa ku Thyolo. M'chaka cha 1994, akatswiri a ku yunivesite ya Leicester ku Britain, mogwirizana ndi a sukulu ya Polytechnic ku Blantyre, adagula njerezi kwa anthu a ku Nsanje nkukaziyesa pamalo oyeretsera madzi a tauni ya Thyolo. Inali nyengo ya dzinja, pamene mitsinje imafiira ndi dothi lokokoloka m'minda. Ufa wa njerezo udagwira ntchito yomwe amagwira mankhwala a alamu, amene dziko limaitanitsa kunja ndi ndalama zovuta kupeza. Madzi adatuluka oyera.

Chinsinsi chake nchosavuta. Mu njere muli mapuloteni amene amakoka tinthu ta matope toyandama m'madzi. Timagwirana, timalemera, nkukhazikika pansi pamodzi ndi tizilombo tambiri. Amayi a ku Sudan adazidziwa kalekale izi poyeretsa madzi a mumtsinje wa Nile. Chokomera mlimi nchakuti mphamvuyi siyitha njere zikafinyidwa mafuta. Zotsalira zomwe wofinya akadataya kudzala ndizo mankhwalawo, ndiye kuti mtengo umodzi ukupereka ndiwo, mafuta ndi madzi oyera.

Pakhomo, mayi amasenda njere zouma, kuzisinja, kusungunula ufawo m'madzi pang'ono, nkusefera mundowa pakansalu koyera. Amatakasa mwamphamvu, kenaka pang'onopang'ono, nkusiya ndowayo osaigwedeza kwa ola limodzi kapena awiri.

Apa mpamene alangizi ayenera kuchenjeza anthu. Madzi oyera m'maso sindiye kuti alibe matenda, ndipo anthu a m'chigwachi, amene adaona kolera wa 2022 ndi 2023 komanso kusefukira kwa madzi kwa namondwe Freddy, akudziwa mtengo wake. Madziwo akatsanulidwa ayenerabe kuwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini, ndiponso amwedwe tsiku lomwelo, chifukwa ufa wotsalamo ukagona umasanduka chakudya cha tizilombo.