Linga la Mazengera pa Phiri la Nkhoma

Tinanyamuka ku Nathenje m'mamawa Lamulungu, n'kukhota pa Kamphata kulunjika ku Nkhoma. Tinalipo asanu ndi awiri, aliyense ndi botolo la madzi, chinangwa chophika ndi nthochi. Phirili timangolionera patali, ambiri a ife tinali tisanalikwerepo.

Mafumu akale a ku Ulaya ankamanga malinga awo pamwamba pa mapiri, a makoma ochindikala ndi nsanja za alonda. Ku Great Zimbabwe nakonso kuli makoma a paphiri, a miyala yongosanjikiza popanda dothi lomatira, omangidwa zaka zoposa 600 zapitazo. Kuno ku Nkhoma linga linali phiri lenilenilo. M'zaka za m'ma 1800, nkhondo za Angoni zitavuta, Achewa a Mfumu Mazengera anasiya midzi yawo n'kukakhala pamwamba pake.

Tikukwera tinaona chifukwa chake. Pena njira imapanikizika pakati pa matanthwe, moti timadutsa mmodzimmodzi, manja ali pamwala. Akuluakulu amasimba kuti adani akayamba kukwera, anthu ankawagubuduzira miyala. Ndipo ukaima pamwamba, chigwa chonse chili poyera, munthu sangabwere mozemba.

Koma chimene chinatikhudza kwambiri ndi madzi. Mabotolo athu anatha tisanafike pamwamba, dzuwa lisanakwere n'komwe. Mayi wina wa m'gulu lathu, atakhala pamwala kuti apume, anati, "Abale, taganizirani mzimayi atasenza mtsuko, mwana ali kumbuyo, akukwera pano." Tonse tinangoti zii. Minda yabwino inali kumunsi, kumene kunali adani. Nanga anthu ochuluka chotero, atapanikizana pamiyala, ankasamba bwanji? Mwana akatsegula m'mimba usiku, mayi ake ankatani? Nkhani za nkhondo zimatchula mikondo ndi zishango, koma ife tikuona kuti katundu wolemera wa linga limeneli anasenza ndi amayi.

Mu 1896 amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa, amene anayambira ku Mvera mu 1889, anamanga m'tsinde mwa phirili. Nkhondo zitatha anthu anatsika, ndipo mu 1915 panayamba chipatala cha Nkhoma. Madenga ake tinkawaona bwinobwino tili pamwamba.

Kutsika kunavuta kuposa kukwera, mawondo ankanjenjemera. Titafika pa mjigo wa m'mudzi wina, tinapeza mtsikana akutunga. Anachotsa ndowa yake n'kutipopera, ife n'kumamwa ndi manja.